Nambala 2,147,483,647 ikutiphunzitsa kuti funso loti "masamu andithandiza chiyani" ndi lofulumira

Tiyerekeze kuti munthu wina wakulonjezani kuti pa 1 Januwale akupatsani K1, pa 2 akupatsani K2, pa 3 K4, pa 4 K8, tsiku lililonse kuwirikiza kawiri ndalama ya dzulo lake mpaka mwezi utatha. Pofika pa 10 mutha kumuseka, chifukwa zonse pamodzi zangokwana K1,023. Pofika pa 20 kuseka kuja kwatha, muli ndi K1,048,575. Pa 31 pokhapo akupatsani K1,073,741,824, ndipo mukaphatikiza za mwezi wonse mupeza K2,147,483,647.

Nambala imeneyi ndi yomwe ndikufuna tikambirane lero. Ili ndi madijiti 10, ndipo mutati muziwerenga wani, thu, fili, nambala imodzi pa sekondi, osagona osadya, mungathe zaka 68 kuti muifike. Koma chomwe chandikopa si kukula kwake. Nambalayi inakhala zaka pafupifupi 200 ikuonedwa ngati chidole cha anthu ophunzira osowa chochita, koma lero ili m'kati mwa mafoni, makompyuta ndi mapulogalamu osunga ndalama zathu. Ine ndinaphunzira zautolankhani, si masamu, koma ndikuti mbiri ya nambalayi ndi yankho lokwanira ku funso lija timakonda kufunsa tili Fomu 3: "Aphunzitsi, zimenezi zidzatithandiza chiyani?"

Tiyambe taidziwa kaye

Akatswiri a masamu akaona nambala amaifunsa mafunso ngati mmene agogo amafunsira mlendo: ndiwe mwana wa yani, kwanu n'kuti, mfunda wako ndani? Nafenso tichite chimodzimodzi.

Nambalayi ikuthera ndi 7, choncho singagawike ndi 2 kapena 5. Mukaphatikiza madijiti ake onse mupeza 46, ndipo poti 46 sagawika ndi 3, nayonso singagawike ndi 3. Mutha kuyesa 7, 11, 13 pa kakyuleta ya m'foni mwanu, nthawi zonse patsala kenakake. Zoona zake n'zakuti palibe nambala yomwe ingaigawe popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Manambala otere, osagawika, m'kalasi timawatchula kuti ma prime number, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Manambala ena onse amapangidwa pochulukitsa amenewa, monga 60 yemwe ndi 2 × 2 × 3 × 5. Ndiye kuti ma prime ndi njerwa, manambala enawo ndi nyumba.

Chachiwiri, nambalayi ndi ya banja lapadera. Mukachulukitsa ma 2 okwana 31 mumapeza 2,147,483,648, ndipo mukachotsapo 1 mwafika pa nambala yathu. Ma prime opezeka mwa njira imeneyi, kuchulukitsa ma 2 n'kuchotsapo 1, amatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1588 mpaka 1648. Banjali limayamba chonchi: 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071, 524,287, ndipo wachisanu ndi chitatu ndi 2,147,483,647. Musaganize kuti njirayi imabala prime nthawi zonse ayi. Ma 2 okwana 11 kuchotsapo 1 ndi 2,047, yemwe amaoneka ngati prime koma ndi 23 × 89.

Chachitatu, taonani 31 uja. Nayenso ali pa mndandanda womwewo, chifukwa ndi ma 2 asanu kuchotsapo 1. Choncho nambala yathu ndi mwana wa Mersenne wobadwa kwa mwana wa Mersenne. Ma prime otere odziwika padziko lonse alipo anayi okha: 7, 127, nambala yathuyi, ndi ina ya madijiti 39.

Chachinayi, ili ndi m'bale wake. Tengani 6. Manambala ang'onoang'ono omwe amamugawa ndi 1, 2 ndi 3, ndipo mukawaphatikiza mubwerera pa 6 pomwepo. N'chimodzimodzi 28, yemwe ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Awa amatchedwa ma perfect number, ndipo ndi osowa kwambiri: 6, 28, 496, 8,128, kenako amalumpha kufika m'mamiliyoni. Zaka zoposa 2,000 zapitazo Euclid anaonetsa kuti prime aliyense wa mtundu uwu amabala perfect number mmodzi. Wobadwa kwa nambala yathu ndi 2,305,843,008,139,952,128.

Mkulu wosaona yemwe anachepetsa ntchito

Mu 1644 Mersenne analemba mndandanda wa manambala omwe ankakhulupirira kuti ndi ma prime, ndipo yathuyi inalipo. Koma kukhulupirira si umboni. Pa mndandanda womwewo anaikapo ya ma 2 okwana 67 ndi ya ma 2 okwana 257, zomwe zinadzapezeka kuti zimagawika, n'kusiya za 61, 89 ndi 107 zomwe ndi ma prime enieni. Ya 67 ija anadzaiphwanya Frank Nelson Cole wa ku America mu 1903, poonetsa kuti ndi 193,707,721 × 761,838,257,287.

Yemwe anatsimikiza za nambala yathu ndi Leonhard Euler, mbadwa ya ku Basel m'dziko la Switzerland, mu 1772 ali ku St Petersburg. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 65 ndipo maso ake anali atasiyiratu kuona bwino. Kunalibe kompyuta, kunalibe kakyuleta. Nanga anatha bwanji?

Apa ndi pomwe pali phunziro lomwe ndimalikonda. Munthu wosaganiza akanayamba kugawa ndi 2, 3, 4, 5 mpaka kukafika ku mabiliyoni, ntchito yoti sangaimalize ngakhale atakhala ndi moyo kambirimbiri. Koma palibe chifukwa chopitirira 46,340, chifukwa 46,341 × 46,341 yadutsa kale nambala yathu. Ngati pali manambala awiri omwe akaichulukitsana amaibala, mmodzi mwa iwo ayenera kukhala wosaposa pamenepo. Ntchito yachoka pa mabiliyoni yafika pa masauzande. Mukangotenga ma prime okha, atsala pafupifupi 4,800. Euler sanalekere pomwepo. Potengera zomwe Pierre de Fermat anapeza kale, kuphatikizapo nzeru zake, anaona kuti prime aliyense wogawa nambalayi ayenera kusiya chotsala cha 1 kapena 63 akagawidwa ndi 248. Oyenera kuyesedwa anatsala osakwana 400. Onsewo analephera kuigawa, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa zaka zoposa 70 panalibe prime wina wodziwika woposa ameneyu.

Masamu enieni ndi amenewo: kuganiza kaye kuti ntchito ya mabiliyoni isanduke ya mahandiredi. Ambirife tinaphunzitsidwa zosiyana, kuloweza fomula Lachinayi, kuilavula pa pepala Lachisanu, kuiiwala Loweruka.

"Zilibe ntchito"

Mu 1811 katswiri wina wa ku England, Peter Barlow, analemba m'buku lake kuti perfect number wobadwa kwa nambalayi ndi wamkulu kuposa onse odziwika, ndipo sankaona kuti wina adzavutika kufufuza woposa pamenepo, poti manambala otere ndi ongochititsa chidwi, alibe ntchito. Barlow sanali mbuli. Anali mphunzitsi wa masamu wodziwika. Koma funso lake linali lomwe lija la ku Fomu 3, ndipo nthawi inamutsutsa.

Kompyuta sidziwa 7 kapena 9. Imadziwa zinthu ziwiri basi, kuyaka ndi kuzima, 1 ndi 0. Nambala iliyonse imasungidwa pa mzere wa timaswichi totchedwa ma bit, ndipo swichi iliyonse ili ndi mphamvu yowirikiza kawiri inzake, ndendende ngati masiku a Januwale aja. Kwa zaka zambiri mzere wozolowereka unali wa ma bit 32. Imodzi imasiyidwa kuti izionetsa ngati nambala ili pamwamba kapena kunsi kwa ziro, n'kutsala 31. Mukayatsa zonse 31 mwafika pa 2,147,483,647. Pamenepo ndi padenga. Mukawonjezera 1, m'makina ambiri nambala imatembenuka n'kugwera ku -2,147,483,648. Yemwe anali mpondamatiki wadzuka ali ndi ngongole.

Izi si nthano. Mu Disembala 2014 a YouTube analengeza kuti anakulitsa malo owerengera anthu oonera chifukwa kanema wa Gangnam Style, wa woimba wa ku South Korea Psy, anafika pa denga limeneli. Anasamukira ku ma bit 64, komwe denga lake ndi 9,223,372,036,854,775,807. Imeneyo inali yoseketsa. Koma mu 2015 bungwe loyang'anira ndege ku America la FAA linachenjeza kuti ndege ya Boeing 787 ikakhala yoyaka masiku 248 osazimitsidwa, zida zoyendetsa majenereta ake zitha kudzizimitsa zonse nthawi imodzi. Bwanji 248? Gawani sekondi m'magawo 100, muwerenge magawowo mpaka pa nambala yathu, mupeza masiku 248 ndi theka. Pa 1 Januwale 2022 maimelo anaima m'maofesi ambiri ogwiritsa ntchito Microsoft Exchange, chifukwa pulogalamu inalemba tsiku ngati 2201010001, nambala yomwe inadutsa denga.

Ndipo kutsogoloku kuli lina. Makina ambiri amawerenga nthawi ngati masekondi omwe adutsa kuchokera pa 1 Januwale 1970. Zaka 68 zija zikukwana Lachiwiri pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 5:14:07 m'mawa kuno kwathu. Makina omwe adzakhale akusungabe nthawi pa ma bit 32 adzaganiza kuti abwerera ku Disembala 1901.

Nanga ife zikutikhudza pati?

Wina anena kuti izi ndi za azungu ndi ndege zawo. Tiyeni tibwere pakhomo.

Amene muli ndi mita ya mayunitsi mukukumbukira matokeni apadera aja, a madijiti 20, omwe anthu ankauzidwa kuti alowetse m'mita isanafike 24 Novembala 2024. Zinachitika kuno, ku Zambia, ku South Africa ndi m'mayiko ena ambiri. Gwero lake ndi matenda omwewa. Tokeni iliyonse imanyamula nthawi yomwe inagulidwa, yowerengedwa m'mphindi kuchokera mu 1993, pa ma bit 24. Malowo amakwana mphindi 16,777,216, zomwe ndi zaka pafupifupi 32, ndipo anadzaza tsiku limenelo. Nambala ndi ina, koma vuto ndi lomwelo: wina anasankha kukula kwa dengu zaka zambiri zapitazo, ndipo dengulo linadzaza ife tili pa mzere.

Tsopano taganizirani achinyamata anzathu omwe akuphunzira kulemba mapulogalamu, ena ku koleji, ena pa YouTube ndi bando ya usiku. Akupanga ma app a banki m'khonde, a masukulu, a magolosale, a magulu a alimi. Wolemba mapulogalamu wochenjera amasunga ndalama m'matambala pofuna kupewa chisokonezo cha madesimo. Koma matambala 2,147,483,647 ndi K21,474,836.47 basi. Kale K21 miliyoni inali ndalama yongoimva pa wailesi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso bajeti ya dziko ikuwerengedwa m'mathililiyoni, ndalama imeneyi gulu lochita bwino litha kuizunguza m'chaka chimodzi. Tsiku lomwe thumba la amayi lidzadutse pamenepo pa pulogalamu yomwe inasankha ma bit 32, sikirini idzaonetsa zachilendo kapena kukana kulandira, ndipo woyamba kulozedwa chala adzakhala msungichuma wosalakwa.

Ngakhale nambala ya foni. Mukachotsa ziro woyamba, nambala ya kuno ili ndi madijiti 9 ndipo imakwana bwinobwino pansi pa denga lija. Mukaikako 265 kutsogolo yafika madijiti 12, yasefukira. Odziwa ntchito amasunga nambala ya foni ngati mawu, osati ngati nambala yowerengera. Wongokopera khodi pa intaneti osamvetsa chifukwa chake adzazindikira makasitomala atayamba kudandaula.

Otsutsa ali ndi mfundo

Sindikufuna kunamiza munthu. Denga la makompyuta likanakhala pomwepo ngakhale nambalayi ikanakhala yogawika. Kuti ndi prime komanso ndi denga, zinangokumana. Ndiye wina atha kufunsa: chabwino, denga talimva, nanga thukuta la Euler lija linapindula chiyani?

Linapindula. Makompyuta amafunika manambala ooneka ngati a mwamwayi, pa magemu, pa kafukufuku, poyesa makina. Mu 1988 Stephen Park ndi Keith Miller analimbikitsa njira yosavuta: tenga nambala, ichulukitse ndi 16,807, igawe ndi 2,147,483,647, usunge chotsalacho, ubwerezenso. Njirayi imadutsa manambala onse 2,147,483,646 isanabwereze ngakhale imodzi, ndipo izi sizikanatheka nambala yathu ikanakhala yogawika. Zomwe mkulu wosaona anatsimikiza mu 1772 zinapeza ntchito patatha zaka zoposa 200.

Ma prime ambiri ndi omwe akulondera zinsinsi zathu. Kuchulukitsa 23 ndi 89 mwana wa Sitandade 6 atha. Koma mutapatsidwa 2,047 kuti mupeze omwe anamubala, muyamba mwakanda mutu. Manambalawo akakhala a madijiti mahandiredi, ngakhale makompyuta amphamvu amagwa nayo. Njira ya RSA, yomwe Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anatulukira mu 1977, yagona pa kusiyana kumeneku, ndipo ndi imodzi mwa njira zotetezera masamba a pa intaneti. Loko wa mauthenga a pa WhatsApp naye wamangidwa pa prime wamkulu, ma 2 okwana 255 kuchotsapo 19. Mukamatumiza uthenga woti ena asauone, dziwani kuti akukulonderani ndi masamu omwe ankatchedwa opanda ntchito.

Mfundo ina yotsutsa ndi yolemera kuposa iyi. Dziko lomwe ana akuphunzirira pansi pa mtengo, buku limodzi ana angapo, lingataye nthawi ndi ma perfect number? Kodi si bwino kuphunzitsa zoti mwana akamaliza apeze pogwira? Ndikumva, ndipo sindikunena kuti boma ligule makompyuta osakira ma prime. Ntchito imeneyo ilipo kale oichita. Mu Okutobala 2024 Luke Durant, kudzera m'gulu la anthu odzipereka la GIMPS, anapeza prime wa banja la Mersenne wa nambala 52 kudziwika, wa madijiti 41,024,320. Asiyeni apitirize.

Koma taonani zomwe zikufunika kuti mwana amvetse zonse ndafotokozazi: choko, bolodi ndi mphunzitsi yemwe ali ndi mpata wofotokoza chifukwa chake. Masamu a manambala safuna labotale kapena mankhwala ochokera kunja. Pa maphunziro onse a sayansi, amenewa ndi omwe dziko losauka lingapikisane nawo popanda kupempha ngongole. Ndipo vuto la kuphunzitsa "zothandiza zokhazokha" ndi lakuti palibe amene amadziwa chomwe chidzathandize mawa. Barlow sanadziwe. Ifenso sitidziwa. Pulogalamu yomwe mwaphunzira kudina chaka chino idzakhala itasinthidwa zaka zisanu zikubwerazi, koma 31 adzakhalabe prime.

Zomwe ndikupempha

Kwa aphunzitsi athu a masamu, ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo mayeso a MANEB sadikira. Komabe mphindi khumi za nkhani ya K1 ya pa 1 Januwale zitha kudzutsa mwana yemwe fomula yamugonetsa chaka chonse. Mwana akafunsa kuti zidzamuthandiza chiyani, musamukalipire. Muuzeni atulutse tokeni ya magetsi.

Kwa anzanga olemba mapulogalamu, musanapereke app kwa kasitomala, lowetsanimo K22 miliyoni muone chomwe ichite. Lowetsani nambala yoyamba ndi 265. Sunthani tsiku lifike mu Febuluwale 2038. Ngongole ya nyumba ya zaka 15 yotengedwa lero ikathera kuseri kwa tsiku limenelo, ndiye kuti vutoli si la mawa, lafika kale.

Kwa mabanki, makampani ndi maofesi a boma omwe amagula makina okhala zaka 15 kapena 20, funso loti "kodi makinawa adzadutsa 2038?" lilowe m'mapepala a matenda. Mafoni ambiri atsopano anasamukira kale ku ma bit 64, choncho musataye tulo ndi foni yanu. Nkhawa ili pa zipangizo zomwe zimaikidwa pakhoma kapena m'chipinda cha seva n'kuiwalika, komanso zakale zomwe mayiko ena akataya ife timazilandira ndi manja awiri. Za mamita zija zinali ndi tsiku lodziwika kwa zaka zambiri, koma m'mayiko ena anthu anakathera pa mizere sabata yomaliza. Tsiku la 2038 nalo ndi lodziwika mpaka sekondi yake.

Ndipo kwa ife tonse omwe timanyadira kunena kuti "ine masamu ayi" ngati ndi ulemu, tisiye. Palibe amene amaima pagulu n'kudzitama kuti satha kuwerenga kalata. Ndalama zathu, mayunitsi athu, mabando athu ndi zinsinsi zathu zonse zasanduka manambala, ndipo wosafuna kudziwa khalidwe la manambala wavomera kuti ena azimuwerengera. Simukuyenera kuloweza 2,147,483,647. Chofunika n'kudziwa kuti makina aliwonse ali ndi denga, kuti denga limenelo anasankha ndi munthu, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti lili pati.